Ma test onse adutsa koma pulogalamu yaima njii: nkhani ya ma thread, POSIX ndi mayeso ake

Pali mawu amene ife olemba mapulogalamu timakonda kunena tikafuna kutseka nkhani, oti "ma test onse adutsa". Pa zinthu zambiri mawu amenewa amakwana ndithu, munthu umatseka laputopu nkukagona. Koma ikakhala laibulale (khodi yolembedwa kale imene mapulogalamu ena amaigwiritsa ntchito) ya ma thread, ija imathandiza pulogalamu imodzi kugwira ntchito zingapo nthawi imodzi, ine mawuwa ndimawamva ngati munthu wandiuza kuti dzulo mvula sinagwe. Chabwino sinagwe, nanga mawa?

Ndiyambe ndi thread yeniyeniyo poti ena mwina simunaizolowere. Pulogalamu ikamayenda mu kompyuta imatchedwa process, ndipo imakhala ndi memory yakeyake yoti pulogalamu ina singaikhudze. Thread ili ngati wantchito wa mkati mwa process imeneyo. Mutha kukhala ndi wantchito mmodzi, muthanso kukhala nawo 50, koma onsewo ali mchipinda chimodzi, tebulo ndi limodzi, kabuku kolembamo nkamodzi. Aliyense ali ndi kamalo kake kochepa kotchedwa stack, zina zonse nzogawana. Nde amene amasankha kuti pano agwire ntchito uyu, uyo ayambe wadikira, si inu wolemba pulogalamu ayi, ndi kernel, chimake cha operating system, ndipo imatha kuimitsa thread pena paliponse, olo pakati penipeni powonjezera nambala. Thread A yawerenga kuti mkabuku muli 7, isanalembe 8 yaimitsidwa, thread B yabwera yawerenganso 7 yalemba 8, kenako A yadzuka yalembanso 8. Awonjezera anthu awiri koma nambala yakwera kamodzi. Palibe uthenga wa error, palibe chagwa, nambala yangolakwika mwakachetechete basi.

Zida zopewera chisokonezo chimenechi ndi zimene laibulale ya ma thread imapereka. Mutex ndi loko wa kiyi mmodzi, amene watenga kiyi ndi yekhayo akhudze kabuku kaja, enawo adikire panja. Condition variable ndi pogona podikira, thread imati mundidzutse zinthu zikasintha, ina ikazisintha imaidzutsa. Palinso join, kudikira mnzako amalize, ndi cancel, kumuuza mnzako kuti siya, sizikufunikanso. Zikuoneka zochepa eti? Koma database, browser, seva ya webusaiti, Java, Python, zonsezi zatsamira pamenepa. Laibulaleyi ikapindika pang'ono zapamwambazo zimapindika nayo, ndipo eni ake amakhala akufufuza mu khodi yawo masabata osadziwa kuti vuto lili pansi pa mapazi awo.

Tsopano malamulo. Kale ma Unix anali mbwee, kampani iliyonse ndi wake, pulogalamu yolembedwera mmodzi kukaiyendetsa pa wina inali nkhondo. Nchifukwa chake bungwe la mainjiniya la IEEE linatulutsa chikalata cha POSIX mu 1988, dzinalo anapereka ndi Richard Stallman. Za ma thread zinalowa mochedwa, mu 1995, mu gawo lotchedwa POSIX.1c, ndipo mpomwe panachokera dzina loti pthreads ndi ma function onse aja oyamba ndi pthread_. Masiku ano chikalatachi amachisamalira ndi a Austin Group, gulu limene linayamba mu 1998 ndipo limaphatikiza IEEE, The Open Group ndi ISO. Pali cha 2001, cha 2008, cha 2017 ndi cha 2024.

Chimene anthu ambiri sachidziwa nchoti chikalatachi sichimangonena "chita izi". Chili ndi milingo ya mawu, ndipo woyesa laibulale akapanda kuimvetsa milingoyi amalemba ma test abodza. Pakalembedwa "shall" ndiye lamulo, palibe kukambirana. Pakalembedwa "may" ndiye laibulale ili ndi ufulu, ichite kapena isachite. Palinso "unspecified", kutanthauza kuti njira zilipo zingapo zololedwa ndipo sitikuuzani kuti idzasankha iti. Kenako pali chilombo chija, "undefined", pomwe chikalata chimasamba mmanja nkunena kuti mukachita zimenezi chilichonse chitha kuchitika, musatifunse. Mwachitsanzo kutsegula mutex wamba imene simunaitseke inuyo ndi undefined. Kupanga join thread imodzi kawiri ndi undefined. Ndipo pali zina zololedwa zomwe munthu ukangozimva umaganiza kuti ndi bug, monga yoti thread yogona pa condition variable itha kudzuka popanda woidzutsa aliyense. Nzololedwa ndithu, nchifukwa chake pthread_cond_wait timaiika mkati mwa while osati if, kuti ikadzuka iyang'anenso ngati zinthu zasinthadi. Test yonena kuti "yadzuka yokha, yalephera" ndiye yolakwa ndi test yo, osati laibulale.

Kuti muone kuti kusatsata chikalata kumawawa bwanji, tiyang'ane Linux yakale. Mu 1996 Xavier Leroy analemba LinuxThreads, ndipo kunena chilungamo anachita zotheka ndi kernel imene inalipo nthawi imeneyo, yomwe sinkadziwa nkomwe kuti thread nchani. Thread iliyonse kwa kernel inali ngati process payokha yongogawana memory ndi anzake. Nde POSIX imati ma thread onse a process imodzi akafunsa getpid apeze nambala imodzi, koma pa LinuxThreads aliyense ankapeza yake. Mukatumiza signal, kauthenga kachidule kodziwitsa pulogalamu kuti kwachitika kanthu, ku process, mmalo moti iperekedwe kwa thread iliyonse imene ili yokonzeka kuilandira, inkapita kwa thread imodzi yokhayo ya nambala imeneyo. Panalinso thread yapadera, manijala, yoyang'anira kubadwa ndi kufa kwa anzake, ndiye zonse zinkadutsa mwa iyo, ikafa yokha enawo amatsala amasiye. Komanso poyambirira laibulaleyi inkadzitengera SIGUSR1 ndi SIGUSR2, ma signal awiri amene amayenera kukhala a mwini pulogalamu. Munthu wobwera ndi pulogalamu yake kuchokera ku Unix ina ngati Solaris ankangoti kakasi.

Kukonza kwake kunafuna kusintha mbali zonse ziwiri, kernel ndi laibulale. Mu kernel munalowa futex cha mu 2002, kachida kopangitsa kuti kutseka loko wopanda womulimbirana kusafune kupita ku kernel nkomwe. Ulrich Drepper ndi Ingo Molnar a ku Red Hat anabweretsa laibulale yatsopano ya ma thread yotchedwa NPTL, IBM nayo inali ndi yake yotchedwa NGPT koma inaisiya. NPTL inafika kwa anthu ambiri ndi Red Hat Linux 9 komanso kernel 2.6 mu 2003, ndipo glibc, laibulale yaikulu ya C pa Linux, inatayiratu LinuxThreads mu version 2.4. Koma olo NPTL yomweyo ili ndi zigamba. Kwa kernel ya Linux, zoti thread ikuyenda mdzina la user uti ndi za thread iliyonse payokha, pomwe POSIX imati setuid isinthe process yonse. Nde glibc imachita kaukathyali, thread imodzi ikaitana setuid laibulale imatumiza signal yobisika kwa ma thread ena onse kuti nawonso asinthe. Nchifukwa chake ma signal 32 ndi 33 simungawagwiritse ntchito, SIGRTMIN pa glibc imayambira 34. Ndipo buku la man la pthreads pa Linux limavomera lokha kuti ma thread sagawana nice value imodzi, nambala yonena amene apatsidwe mpata wambiri pa purosesa, monga POSIX imafunira. Kutsata chikalata si nkhani ya eya kapena ayi, ndi mndandanda wautali wa malonjezo, ena osungidwa bwino, ena osungidwa ndi zingwe.

Nanga amayesa bwanji? Tiyang'ane pafupi. Pali Open POSIX Test Suite, imene masiku ano imakhala mkati mwa Linux Test Project. Mukalowa mu foda yake ya conformance/interfaces mupeza foda ya function iliyonse, pthread_create yake, pthread_mutex_lock yake, pthread_cancel yake, choncho. Mkatimo muli fayilo ya assertions.xml, momwe anatenga ziganizo za mchikalata nkuzidula kukhala malonjezo okhala ndi manambala, ndiye pali timafayilo ta C tokhala ndi maina ngati 1-1.c, 1-2.c, 3-1.c. Nambala yoyamba ndi ya lonjezo, yachiwiri ndi ya njira yoliyesera. Ka test kamodzi kamakhala kakafupi kwambiri. Tinene lonjezo loti mutex ya mtundu wa ERRORCHECK, mwini wake akaitsekanso kachiwiri, ibweze EDEADLK mmalo moima mpaka kalekale. Kapulogalamuko kamapanga mutex yamtunduwo, kamaitseka, kamaitsekanso, nkuyang'ana nambala yabwerayo. Ndipo apa pali msampha umene ambiri amagwamo, ma function a pthread sabweza -1 nkuika chifukwa mu errno ngati ma function ena a Unix, amabweza nambala ya error yeniyeniyo. Woyesa akaiwala zimenezi test yake imayang'ana malo olakwika nkumadutsa tsiku lililonse osayesa kanthu.

Zotsatira zake si ziwiri zokha ayi. Pali PASS ndi FAIL, komanso UNRESOLVED, kutanthauza kuti test yalephera kufika pomwe imafuna kuyesa, mwina kupanga thread kwenikweniko kwakanika. Pali UNSUPPORTED, kuti makinawa alibe gawo limeneli ndipo chikalata chimalola kusakhala nalo, ndi UNTESTED, kuti lonjezo lilipo koma palibe wapeza njira yoliyesera. Ine ndikapatsidwa lipoti ndimayamba kuwerenga atatu omalizawa. Munthu atha kukuonetsani ziro pa FAIL monyadira pomwe ma test ambiri anathera pa UNRESOLVED chifukwa sanawayendetse ngati root, user wa mphamvu zonse pa makinawo, ndiye onse okhudza ma priority a realtime sanayambe nkomwe.

Satifiketi ndi nkhani inanso. Dzina loti UNIX mwini wake ndi The Open Group, ndipo kuti ulitchule pa katundu wako umadutsa mayeso awo, mwa iwo muli gulu loyesa ma thread lotchedwa VSTH. macOS ili ndi satifiketi ya UNIX 03 kuyambira Leopard mu 2007. Koma yesani kugwiritsa ntchito pthread_barrier_init pa macOS, palibe. sem_init ilipo dzina lokha, mukaiitana imakana. Abera mayeso? Ayi, UNIX 03 imatsata chikalata cha 2001 momwe ma barrier, podikirana ma thread mpaka onse afike, anali osakakamiza, anadzakhala okakamiza mu 2008. Pomwe ma Linux ambiri amene anthu akugwiritsa ntchito alibe satifiketi iliyonse koma ma barrier ali nawo. Ndiye wina akati "ndi POSIX compliant" funso lake ndi loti ya chaka chiti, ndi magawo ati.

Apa tsopano tafika pa funso lachiwiri, ndipo ine ndimaona kuti anthu amalisakaniza ndi loyamba. Mayeso a conformance amafunsa kuti kodi laibulale ikuchita zimene pepala likunena? Mayeso a regression amafunsa kuti kodi ikuchitabe zimene imachita dzulo? Mafunso awiriwa nthawi zina amakangana poyera. Mapulogalamu ambiri padziko pano sanalembedwe potsata pepala, analembedwa potsata zimene zinkayenda pa kompyuta ya wolembayo. Akatsamira pa khalidwe limene chikalata sichinalonjeze, inu nkulisintha, mwalamulo simunalakwe, koma pulogalamu yawo yafa ndipo akubwera kwa inu.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha lock elision. Intel itabweretsa TSX mu ma purosesa a Haswell, glibc 2.18 ya mu 2013 inalandira njira yoti mutex isamatsekedwe zenizeni, purosesa izingoyesa kuchita ntchitoyo nkubwerera mmbuyo pokhapokha pakakhala kuwombana. Nzeru yabwino. Koma kunapezeka kuti kunja kuno kuli mapulogalamu amene kwa zaka akhala akutsegula mutex yosatseka, ija tanena kuti ndi undefined. Kale zinkangodutsa phee. Ndi elision, laibulale ikaona loko wosatseka inkaganiza kuti ili mkati mwa transaction, ntchito yongoyesa ija, nkupereka lamulo lomalizira transaction yomwe kulibe, purosesa nkuigwetsa pulogalamu pompo. Test ya conformance singagwire zimenezi, ingayese bwanji chinthu chimene chikalata chinasamba nacho mmanja? Pamwamba pa izo mu 2014 Intel inapezanso vuto mu TSX yeniyeniyo nkuizimitsa pa Haswell kudzera mu microcode. Pambuyo pake glibc inasiya kuyatsa elision yokha, wofuna ankayenera kuiyatsa mwadala.

Zofanana nazo zimachitika anthu akasamuka laibulale. POSIX sinena kuti stack ya thread ikhale yaikulu bwanji. Pa glibc kawirikawiri imakhala 8 MB chifukwa imatengera malire a stack a makinawo, pa musl, imene Alpine Linux imagwiritsa ntchito, ndi 128 KB, pa macOS ma thread owonjezera amapatsidwa 512 KB. Munthu waika array yaikulu pa stack, pa Ubuntu zikuyenda bho, waisamutsira mu container ya Alpine yagwa, nde akuti musl ndi yowonongeka. Sinawonongeke, iyeyo anadalira chinthu chomwe sanalonjezedwe. Android ndiye inangonena poyera, Bionic ilibe pthread_cancel, basi.

Osamalira glibc amadziwa kuti sangathyole mapulogalamu akale, ndiye ali ndi njira yotchedwa symbol versioning, function imodzi imakhala ndi matupi awiri mu fayilo imodzi. Pa x86-64 mupeza pthread_cond_wait ya GLIBC_2.2.5 ndi ya GLIBC_2.3.2, yakaleyo ikudikirabe mapulogalamu omangidwa NPTL isanabwere. Ndipo mu glibc 2.34, ya Ogasiti 2021, anatenga libpthread yonse nkuilowetsa mu libc, nkusiya fayilo yopanda kanthu kuti mapulogalamu akale oifuna aipezebe. Kusamutsa koteroko ndi pomwe ma test a regression amaonetsa ntchito yake, chifukwa pa pepala palibe chasintha, koma pansi chilichonse chasuntha. Mu khodi ya glibc muli timafayilo tambirimbiri toyamba ndi tst-, monga tst-mutex1, tst-cond1, tst-cancel1, ndipo tambiri tinabadwa chifukwa wina anapeza bug, anaikonza, nasiya ka test kuti isadzabwerenso mozemba. Palinso mndandanda wa ma symbol onse a laibulale umene umafananizidwa pa make check, lamulo loyendetsa ma test onse, kuti function isasowe mwangozi.

Koma vuto lenileni, limene landipangitsa kulemba zonsezi, ndi nthawi. Test ya function yowerengera masamu ikadutsa lero idzadutsanso mawa, zolowa zomwezo zotuluka zomwezo. Test ya ma thread ili ndi cholowa china chimene inu simuchilamulira, ndondomeko imene kernel yasankha kuyendetsera ma thread ulendo umenewo. Ndondomeko zotheka nzochuluka zedi, ndipo yowonongayo mwina ndi imodzi yokha yofuna kuti thread iimitsidwe ndendende pakati pa malamulo awiri a purosesa. Test ikadutsa yangokuuzani kuti ulendo uno ndondomeko yoipayo sinachitike. Onjezaninso kusiyana kwa ma purosesa, x86 imasunga dongosolo la zolemba mu memory molimba ndithu, pomwe ARM ndi POWER zili ndi ufulu wozisinthanitsa, ndiye khodi yoiwala memory barrier, lamulo louza purosesa kuti isasinthanitse dongosololi, itha kukhala zaka pa x86 osadandaula, tsiku loyamba pa ARM nkugwa.

Ndiye pali matenda a sleep. Wolemba test akufuna kuti thread B ikhale itagona kale pa loko thread A isanachite kanthu, koma alibe njira yodziwira kuti yagonadi, nde amangoika sleep ya sekondi imodzi nkumati pofika pano yafika. Ine ndinazichitapo, sindinama. Pa laputopu yanga ka test kanga kankadutsa bwinobwino, koma pa seva yoyendetsa ma test, yomwe inkakhala yodzaza ndi ntchito za anthu ena, kankalephera mwa apo ndi apo. Tinkangodina kuti iyambirenso, ikadutsa nkupitiriza. Patapita nthawi ndinakhala pansi nkuchotsa sleep uja, nkuika barrier yeniyeni kuti ma thread onse ayambire pamodzi, nkukazungulitsa usiku wonse. Mmawa ndinapeza kaima njii, CPU ili zii, ma thread onse akugona, aliyense akudikira mnzake. Ndinalumikiza gdb, chida chosuzumira mkati mwa pulogalamu, nkuona ma stack onse, kunali kutenga maloko awiri mosemphana, uyu wayamba ndi woyamba, uyo wayamba ndi wachiwiri. Sleep uja sankangopangitsa test kukhala yosadalirika, ankabisanso bug yeniyeni, poti ankawatalikitsa ma thread kuti asakumane. Kuyambira pamenepo test yolephera mwa apo ndi apo sindiitenganso ngati phokoso chabe.

Si ine ndekha. Mars Pathfinder itatera pa Mars mu Julayi 1997 kompyuta yake, yoyendera VxWorks, inayamba kudzizimitsa nkudziyatsa yokha. Ntchito ya priority yotsika inali itagwira loko amene ntchito ya priority yapamwamba imamufuna, ntchito zapakatikati nkumailanda mpata yotsikayo kuti isamalize. Vutoli linali litaonekapo chombocho chisanatere koma silinkabwerezeka akalifuna. Analikonza ali padziko pano poyatsa priority inheritance, njira yoti wogwira loko abwereke priority ya amene akumudikira, chomwe mu pthreads ndi PTHREAD_PRIO_INHERIT.

Nkhani ya condition variable ya glibc ndiye imandichititsa mantha kuposa zonse, chifukwa olemba ake ndi akatswiri enieni. Mu 2011 kunabwera lipoti loti thread yobwera mochedwa itha kuba signal imene inatumizidwa iyo isanayambe kudikira, nkusiya amene amayenera kudzuka ali chigonere. Panali mtsutso wautali woti kodi POSIX imaletsadi zimenezi, nkhani inakafika mpaka ku Austin Group. Mapeto ake Torvald Riegel analembanso condition variable yonse, ndipo yatsopanoyo inatuluka mu glibc 2.25 mu 2017. Inadutsa ma test onse, inalowa mu ma Linux ambiri. Kenako mu 2020 kunabwera lipoti lina, bug nambala 25847, kuti nthawi zina pthread_cond_signal imatayika osadzutsa aliyense, pulogalamu nkungoima. Kuti zichitike pankafunika ndondomeko yosowa kwambiri moti ma test wamba sankaigunda. Malte Skarupke anaijambula algorithm yonse mu TLA+, chilankhulo cha Leslie Lamport chimene chimalola kompyuta kuyesa ndondomeko zonse zotheka za model yaing'ono, osati kungodikira mwayi, ndipo mmenemo njira yotayikira signal inaoneka. Kukonza kwake kunalowa mu glibc 2.41, Januware 2025. Werengani zaka zimenezo, ndipo nthawi yonseyo make check inkanena kuti condition variable ili bwino.

Ndiye anthu amatani? Amaphatikiza njira. ThreadSanitizer, imene ili mu GCC ndi Clang, imayang'anira kuwerenga ndi kulemba kwa memory nkukuuzani pomwe ma thread awiri akhudza malo amodzi popanda dongosolo, olo ulendo umenewo pasanawonongeke kanthu. Valgrind ili ndi Helgrind ndi DRD. rr, imene inayambira ku Mozilla, imajambula mmene pulogalamu yayendera kuti bug ikangooneka kamodzi muziibwereza mmene mungafunire, ndipo ili ndi chaos mode yosokoneza ndondomeko mwadala. Koma dziwani kuti zida ngati ThreadSanitizer zimakhulupirira kuti mutex ndi condition variable zikugwira ntchito molondola, zimayesa pulogalamu yanu osati laibulale. Woyesa laibulale yeniyeniyo alibe pansi pena potsamira. Iye amatsala ndi stress test, ma thread ochuluka kuposa ma core, kuyendetsa pa core imodzi kenako pa ambiri, pa ma purosesa osiyanasiyana, kuika kuchedwa mwadala pamalo okayikitsa mkati mwa khodi kuti mpata wopapatiza uja ukule, ndi ma model aja. Kuona maso a nkhono nkudekha, apa mpomwe mawuwa amakwanira. Ndipo test iliyonse imafunika wotchi yoipha ikachedwa, poti kulephera kwa ma thread kawirikawiri sikukuwa, kumangoti zii.

Cancel ndiye malo ovutitsitsa. Taganizani, thread ili mkati mwa open kapena accept, kernel yamaliza kale ntchito, yapereka file descriptor, nambala yoimira fayilo kapena kulumikizana kwatsegulidwako, koma nambalayo isanafike mmanja mwa pulogalamu cancel yafika. Laibulale ikaipha thread pamenepo descriptor ija yatayika, palibe adzaitseke, kapena ikakhala read ndiye data yawerengedwa nkusowa. Rich Felker, mlembi wa musl, anapereka lipoti la mpata umenewu mu glibc mu 2011, bug 12683, ndipo inakhala yotsegula zaka zoposa khumi chifukwa kuikonza kunafuna kusintha mmene ma system call amaitanidwira pa purosesa yamtundu uliwonse. Kuilembera test nkovuta chimodzimodzi, muyenera kuwombera cancel mobwerezabwereza kwinaku mukuwerenga ma descriptor otsala, nkuyembekeza kuti kamodzi igunda pampata paja.

Ndipo masamu ake ndi ankhanza. Tinene bug imaoneka kamodzi pa maulendo 1000. Mukayendetsa test kamodzi, pafupifupi nthawi zonse idutsa. Mukaiyendetsa ka 1000, mwayi woti muione olo kamodzi ndi pafupifupi 63 pa 100 basi, osati 100. Kuti mufike pa 95 pa 100 mukufunika maulendo pafupifupi 3000. Izi zimaluma kwambiri mukamagwiritsa ntchito git bisect kufufuza commit (kusintha kumodzi kosungidwa mu mbiri ya khodi) imene inabweretsa vuto, chifukwa bisect imadula mbiri pakati, nkukufunsani kuti apa ndi good kapena bad, ndipo imakhulupirira yankho lanu. Mukati bad mwaona ndi maso kuti yaima, palibe chokayikitsa. Koma mukati good mutangoyendetsa ka 50, mwina mwanama osadziwa, ndipo bisect itaya theka lonse la mbiri momwe muli wolakwa weniweni nkukakulozerani commit yosalakwa, mwina yongokonza sipelo mu comment. Nde musanayambe bisect, yambani mwayeza kuti pa version yomwe mukudziwa kuti ndi yoipa bug imatenga maulendo angati kuti ioneke, kenako pa sitepe iliyonse muziyendetsa katatu kapena kanayi kuposa pamenepo musanalembe good. Ngati ulendo umodzi umatenga masekondi 10 ndipo mukufunika 3000, ndiye sitepe imodzi ndi maola oposa 8, ndipo mbiri ya ma commit 1000 imafuna masitepe pafupifupi 10.